Baraka ya Januário Isamukira ku Texas

Inu, kodi munaonapo sitolo ikuyenda pamsewu? Sindikunena katundu wa pagalimoto ayi. Ndikunena baraka yathunthu ya malata, chitseko chake, zenera lake, denga lake, ikuyenda ndi miyendo ya anthu, mwini wake ali mkati akutukwana. Ife a ku Milange tinaiona masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anali kumunda tsiku limenelo mpaka lero sanachikhululukire chimanga chawo.

Mwini barakayo anali Januário, bambo wa Hélio, wogulitsa nsomba zozizira za karapau ndi zakumwa. Munthuyu anali ndi malo abwino kuposa onse mumsika, pakona penipeni pamene msewu wochokera kumalire umakhotera. Aliyense wochokera ku Muloza ndi njinga yake, thukuta lili kamukamu, ankayamba waima pamenepo kuti aziziritse kukhosi, ndipo pochoka ankanyamula nsomba za kunyumba. Malowo Januário sanagule. Anawapeza pamene anthu ankabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, pakonapo pali chulu ndi chitedze basi. Anaika miyala inayi m'makona n'kunena kuti, "Pano m'panga." Nkhani ya miyalayi aliyense mumsika anaimva mpaka kuiloweza, ngakhale kuti chaka ndi chaka chulu chija chinkakula, njoka zimene anapha nazo zikuchuluka.

Kumbuyo kwake kunali baraka ya João Baptista, amene anaimira Hélio paubatizo, ndiye awiriwa ankatchulana kuti kumpadre. Baraka ya João Baptista inali pafupi ndi pophera nkhuku, kumene wogula amafika pokhapokha atasochera. M'mawa uliwonse ankadutsa pakona paja n'kupereka moni wokoma kwambiri, maso akuyeza malowo mulitali ndi mulifupi. Lamulo la mumsika nalonso ndi lodziwika: malo akakhala opanda munthu, msonkho wake osalipiridwa, amapatsidwa kwa wina.

Tsono tisamunamizire munthu. Januário sanali waulesi, sikelo yake sinali yobera, ndipo mayi wamasiye akaperewera ndalama ankamuwonjezera kansomba mwakachetechete. Matenda ake anali amodzi okha: senya. Kwa inu a kutali, senya ndi kapepala kamene wa munisipiyo, ndiye kuti wa khonsolo ya tauni, amakung'ambira m'mawa uliwonse ukalipira msonkho wa malo. Ndalama yake ndi yochepa, yosagula ngakhale botolo la chakumwa. Koma Januário akangoona mkulu wa senya akutulukira pakona, nkhope inkachita ngati watafuna ndulu.

"Zaka zonsezi ndikulipira," ankatero, "koma fumbi lomweli. Ndiye kuti ndikulipirira fumbi?"

Apa ine ndimamumvetsa, chifukwa fumbi la ku Milange silimva senya. Komanso tinene mbali inayo: mumsika mumasesedwa, mpopi umatuluka madzi, ndipo nyale ya pakona pake pomwepo imayaka. Zimenezi Januário ankati zimangochitika zokha ngati mvula.

Ndiye Lamlungu lina, atangobwera kutchalitchi, jekete lisanavulidwe, foni ya mkazi wake Armanda inalira. Anali Nélia, mwana wa mlongo wa Januário, amene amagwira ntchito ya unamwino ku America. Nkhope yake inatulukira pafoni, maso ofiira, patebulo mapepala ali mbwee.

"Amalume, musandiyang'ane nkhope, ndatopa. Ino ndi nyengo ya msonkho, mapepala afunika apite pakati pa Epulo pasanafike."

"Moti nawenso akukudyera, mwana wanga?"

"Ife bola. Kuno ku Texas boma la chigawo chathu silidula msonkho pa malipiro. Anzathu a zigawo zina amadulidwa kawiri. Koma wa boma lalikulu, wa dziko lonse, umenewo ndiye sitiuthawa, chaka chilichonse tiyenera..."

Inu, mawu akuti "koma" anamupeza Januário ali kale pabwalo. Anali atasiya foni m'manja mwa mkazi wake, akuzungulira mtengo wa mango, manja kumbuyo, ngati munthu amene waona masomphenya. Malo opanda msonkho! Padziko lomwe lino! Ndiye iye zaka zonsezi wakhala akuchita chiyani?

Armanda anamvetsera mpaka Nélia atamaliza, n'kutsanzikana naye bwinobwino. Atangotseka foni, mwamuna wake analowa.

"Amake Hélio, longedzani. Tikupita ku Texas."

"Ndi chiphaso chiti?"

"Texas wathu ali pompano. Mukuchidziwa chikwangwani chija cha pamsewu wa ku Majaua, chonena kuti munisipiyo wathera pano, muyende bwino? Kuseri kwa chimenecho wa senya safikako. Ndafufuza."

"Mwafufuza liti, jekete lomwe simunavule?"

"Ndafufuza m'mutu."

"Bambo a Hélio, mwanayu sanathere pamene mwathawira inu. Wanena kuti pali boma lalikulu..."

"Maboma onse ndi aakulu! Ine ndamva zimene ndamva."

"Nanga malo aja? Akumpadre João Baptista achita kuvina."

"Malo aja ndani sadziwa kuti ndi a Januário? Ndisiyapo miyala yanga ija. Inasunga malo nthawi ya njoka, ilephere nthawi ya João Baptista? Ndikakalemera ndidzabwera kudzamanga ya njerwa."

Armanda anamuyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mtambo atayanika ufa.

"Ine sindisamuka," anatero. "Pitani. Mukawapatse moni azungu."

Tsopano tamverani kusamuka kwake. Munthu wina aliyense akanaphwasula baraka, n'kukweza malata pagalimoto. Koma Januário anati kuzula misomali kumasiya zibowo, misomali yatsopano ndi ndalama, ndipo galimoto imamwa mafuta ngati kuti mafutawo ndi a bambo ake. Anapita kumalire, n'kukapangana ndi amuna onyamula katundu, aja amene amasenza matumba a chimanga ngati mitsamiro. Malipiro? Karapau, akakafika. Anabwera m'mamawa kuti wa senya asawapeze, analowetsa mitengo ya bulugama pansi pa baraka, jeleira n'kuikweza pangolo yokankha. Jeleira ndi bokosi lija loziziritsira nsomba, ndipo popanda ilo malonda a Januário sanali kanthu.

Panatsala katundu wa m'mashelefu. Makatoni nawonso amagulidwa. Ndiye Januário anati katunduyo akhale momwemo, iye alowa mkati azimugwiririra. Barakayo inalibe pansi, ndiye ikanyamulidwa, munthu wa mkati ayenera kuyenda nayo. Kunja kunkangooneka nsapato zake za kutchalitchi.

Chimene sanaganize n'chakuti amuna a pamalire sadziwa kuyenda ndi katundu. Amathamanga. Atangonyamula, mmodzi anayambitsa nyimbo, baraka n'kuliyatsa liwiro.

"Pang'onopang'ono, anthu oipa inu!"

"Akuti chiyani mkatimo?"

"Akuti tifulumire!"

Mkati munali mdima. Shuga anamugwera pamutu, zitini za nsomba zikumumenya m'mawondo, sopo akutsetsereka pansi n'kumatsalira mumsewu, ana akutola. Anaponda ndowe, anaponda nkhuku, anaponda chinthu china chimene mpaka lero sanachidziwe. Mphepo yotsika m'phiri la Tumbine inalowa pazenera, baraka n'kuyamba kupita cham'mbali ngati nkhanu. Amayi opita kuchigayo anatula malichero kuti aseke bwino.

Atafika pakati pa tauni, onyamula anaitula pansi kuti apume, komanso kuti akambiranenso za kuchuluka kwa karapau uja. Januário ali wefuwefu mkati, anamva kugogoda pazenera. Inali nkhalamba ina.

"Muli ndi machesi?"

Inu, wamalonda ndi wamalonda. Munthu akhoza kukhala ndi shuga m'makutu, koma wogula sabwezedwa. Anapereka machesi, n'kulandira ndalama. Potembenuka, pazenera pomwepo panali nkhope ina yodziwika bwino.

"Mwadzuka bwanji, a Januário? Mwatsegula nthambi?" Anali mkulu wa senya.

"Ndikusamuka! Simukuona mitengoyi?"

"Ndikuona. Mwagulitsa?"

"Machesi okha!"

"Machesi ndi malonda."

Kapepala kanang'ambidwa. Januário analipira, ndipo analumbira kuti imeneyo ndi senya yake yomaliza pansi pa thambo.

Anafika dzuwa litapendeka. Baraka inaikidwa kuseri kwa chikwangwani, m'munsi mwa chitunda, m'mphepete mwa munda wa msuweni wake Vasco. Januário anatenga utoto wotsala n'kulemba pamwamba pa chitseko kuti TEXAS. Anaima patali, manja m'chiuno, n'kupuma mpweya wopanda msonkho. Anati unali wokoma kwambiri.

Kenako anatenga chingwe cha jeleira n'kuyamba kufunafuna polumikiza.

Mtengo womaliza wa magetsi unaima mkati mwa munisipiyo, pakhomo pa Vasco, ngati kuti nawonso ukuopa kudutsa chikwangwani. Januário sanataye mtima. Anatolera zidutswa za mawaya akale, zofiira, zakuda, za wailesi, za njinga yamoto, n'kuzilumikiza, pomanga mfundo akukulunga ndi mphira ndi mapepala a shuga. Chingwecho chinadutsa m'mizere ya chinangwa, pansi pa chikwangwani, mpaka m'nyumba ya Vasco, amene anavomera atalonjezedwa karapau. Mwaona, karapau ameneyu anali atalonjezedwa kwa anthu ambiri asanagulitsidwe ndi mmodzi yemwe.

Tsoka lake, m'nyumba ya Vasco munali polumikiza pamodzi pokha, ndipo mwini wake weniweni anali Francisca, mkazi wa Vasco. Francisca amasita malaya a kwaya, amatchajira anthu mafoni, ndipo madzulo aliwonse amaonera sewero lake la pakanema, lija la anthu olemera amene amangolira. Ndiye jeleira inkang'ung'udza bwinobwino, kenako zii. Januário ankadumpha mizere, kuwoloka malire a Texas, mpaka pazenera.

"Alamu, mwazula!"

"Dikirani, alamu, akufuna aulule kuti mwana uja ndi wa ndani."

"Nsomba zikusungunuka!"

"Aulula posachedwa. Taonani mmene akumuyang'anira."

Mwanayo bambo wake sanadziwike sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Nsomba zinkauma, kusungunuka, kuumanso, mpaka zinayamba kuoneka zotopa ngati zabwera wapansi kuchokera kunyanja.

Nanga ogula? Anthu ankadutsa ambiri ndithu, pamenepa Januário sananame. Koma ochokera ku Majaua amatsika chitunda chija ndi njinga zosenza matumba a nyemba, ndipo mabuleki awo ndi phazi lovala patapata lokhudzika patayala. Munthu wotero saima chifukwa waona chakumwa. Ankadutsa ngati mphepo, akukuwa kuti, "Tionana pobwera, achimwene!" Ndipo ngakhale akanaima, popita kutauni munthu amakhala alibe ndalama, katundu asanagulitse. Pobwera amakhala atagula kale zonse mumsika, akukankha njinga pachitunda, karapau wa munthu wina akulendewera pachiwongolero. Ankapereka moni mwaulemu kwambiri.

Januário ankagona m'baraka momwemo, chifukwa mlonda amafuna malipiro. Lamlungu lililonse Armanda ankabwera ndi zovala zochapa ndi kadengu ka chakudya, n'kukhala pakhomo, maso akuyendayenda m'mashelefu.

"Ku Texas kuli bwanji?"

"Kuli bwino kwambiri. Anthu akuzolowera. Malonda aakulu amayamba chonchi."

"Ndi zoona."

"Nanga miyala yanga ija?" Ankafunsa ngati sizikumukhudza, koma mawu ankatuluka opyapyala.

"Ili bwino. Ikupereka moni."

Sankanena zambiri, iyenso sankafunsa zambiri. Koma Armanda akapita, Januário ankakhala pa jeleira n'kumaona m'maganizo João Baptista akukumba maenje pakona paja, akuimba nyimbo za kwaya.

Chimene chinamaliza nkhani ya magetsi ndi nkhumba ya Vasco. Inapeza mfundo ina ya chingwe yokulungidwa ndi pepala la shuga, n'kuganiza kuti ndi mwayi wake. Inalira kulira kumene kunamveka mpaka kumalire, n'kuthawa chingwe chitakola mwendo, kukokera theka la magetsi a Texas m'chinangwa. Sinafe. Koma Vasco anabwera nkhope ili gwa.

"Msuweni, nkhumba yanga yasintha. Sikudya, ikungokhala pansi n'kumayang'ana kumwamba ngati ikuganiza za moyo. Magetsi atha. Ndipo karapau wanga uja ndikumufunabe."

Nyengo inali yotentha. Januário anaganiza kuti akapanda kutsegula jeleira, kuzizira kukhalabe momwemo, ndiye anaikhazika mwala pamwamba n'kudikira kuti Vasco mtima ukhale pansi. Mtima wa Vasco sunakhale pansi. Tsiku limene anatsegula, inu, mbalame zinachoka m'mitengo. Munthu wina akanakumba dzenje. Januário anagula mchere, n'kuyanika nsombazo padenga, n'kulemba pakatoni kuti pano pali bakayawo wa ku Texas. Akhwangwala anabwera ndi abale awo. Agalu anafika ena ochokera kutali, osadziwika m'dera lonselo, n'kukhala mozungulira baraka ngati msonkhano. Anthu a njinga aja, amene kale ankalephera kuima, tsopano ankapalasa ngakhale potsetsereka.

Onyamula katundu a pamalire nawo anabwera kudzatenga malipiro awo. Anaima patali, mtsogoleri wawo atagwira mphuno.

"Bambo, ife ndife akhristu. Takukhululukirani."

Ndiye m'mawa wina kunaima njinga yamoto. Inaima ndithu, yoyamba kuima chitsegulire Texas. Anatsika mayi wovala bwino, chikwama paphewa, mpango atautseka pakamwa. Januário anathamangitsa agalu, n'kukonza kolala.

"Takulandirani, mayi! Chakumwa chilipo, kungoti n'chofunda pang'ono, chabwino pachifuwa."

"Zikomo, bambo. Ndine Arlete, ndachokera ku finansa, ku ofesi ya msonkho wa boma. Ndinu a Januário? Nyengo yapitayi simunabwere kudzanena zimene mwagulitsa, ndiye tikuyendera amalonda kuwakumbutsa."

Januário anaseka. Anaseka mokoma mtima, ngati mphunzitsi amene mwana walakwitsa funso lophweka. Anamutenga mayiyo mpaka pachikwangwani, n'kuchimenya ndi chikhatho.

"Mayi, mumatha kuwerenga. Apa alemba kuti chiyani?"

"Kuti munisipiyo wathera pano."

"Basi! Inu mwaima uko, ine ndaima kuno. Kuno kulibe msonkho."

"Senya kulibe, zimenezo mwanena zoona, ndipo palibe amene akulipiritseni. Koma bambo, chathera apa ndi munisipiyo. Kodi Mozambique nayenso wathera pano?"

Januário anayang'ana chikwangwani. Anachizungulira n'kuyang'ana kumbuyo kwake. Kunalibe chilichonse, dzimbiri lokha.

"Ndalama zimene mumalandira ndi za dziko liti?" anafunsa Arlete.

"Sindikulandira ndalama iliyonse!"

"Pepani. Koma msonkho wa malonda ndi wa dziko lonse. Ukutsatani ku Majaua, ku Molumbo, ngakhale pamwamba pa Tumbine."

"Msonkho umenewo wayamba liti? Ine chiyambire sindinaulipirepo!"

"Mwakhala mukulipira mokhulupirika kwambiri. Amene amabwera kudzalipira ndi mayi a kunyumba, a Armanda. Amakhala oyamba pamzere."

Apa Januário anakhala pansi, pa chitsa. Zaka zonsezi iye ankalimbana ndi kapepala ka m'mawa, osadziwa kuti mkazi wake akamavala chitenje chatsopano n'kunena kuti akupita kukaona odwala, wodwalayo anali boma. Ine pamenepa sindidziwa woti ndimuimbe mlandu. Armanda anabisa, inde. Koma mukanakhala inu, mwamuna wanu akudwala ndi senya yokha, mukanamuuza kuti ilinso ndi mchimwene wake wamkulu?

"Mayi," anatero Januário mawu atatsika, "olo mutafuna kudula, mudula chiyani? Sindinagulitse kanthu. Funsani agaluwa."

"Ndikukhulupirirani. Koma mubwere mudzanene zimenezo ku ofesi. Ngakhale kanthu palibe, timalemba kuti palibe."

"Ndiyende ulendo wonsewo kukanena kuti ndilibe kanthu?"

"Eya, bambo. Ndipo nsombazi mukwirire."

Njinga yamoto itapita, Januário anatenga foni, n'kuiliza kamodzi kwa Nélia n'kudula, kuti woimba akhale wa ku America. Nélia anaimba.

"Iwe mwana, unandinamiza! Unati ku Texas kulibe msonkho!"

"Amalume, ndinati wa chigawo pa malipiro. Wa boma lalikulu ndimalipira, mapepala aja ndinatumiza kale. Ndinanena zonsezi, inu munathawa, ndinangoona denga. Azakhali anamva. Ndipo musaganize kuti Texas ndi wopusa: zimene sadula pa malipiro amakudikira nazo m'sitolo ndi pa nyumba."

"Ndiye unapitiranji kutali konseko?"

"Amalume, kukumveka agalu. Muli kuti?"

Januário anadula.

M'mawa mwake anakwirira bakayawo, agalu akuonerera mwachisoni, anavala jekete n'kuyamba wapansi kupita kutauni. Ku ofesi kunali mzere wa amalonda, ndipo anthu anamupatsa malo ambiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa jekete linali litagona ndi nsomba nthawi yaitali. Atafika pazenera, kalaliki anafunsa mokweza monga amafunsira aliyense.

"Mwagulitsa zochuluka bwanji nyengo imeneyi?"

Januário anawerama n'kunong'ona.

"Sindikumva, bambo."

"Palibe."

"Palibe chilichonse?"

"Machesi," anatero Januário. "Koma amenewo ndinagulitsira mumsewu."

Kumbuyo kwake wina anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali chitsokomolo. Anali João Baptista.

"Kumpadre! Mwabwera liti kuchokera kunja? Mwanenepa!"

Januário anamukokera pambali.

"Kumpadre, tisazungulire. Malo anga aja."

"Aaa, malo aja apita."

"Mwatenga ndinu, munthu woimira mwana wanga paubatizo?"

"Ndikanakonda! Tsiku lomwe munanyamuka ndinafika ndi mitengo ndi khasu, baraka yanu isanakhote n'komwe. Ndinapeza wina wakhala kale. Munthu wake ndi woopsa, kumpadre, ine ndamulephera. Kadzionereni nokha."

Januário sanayende, anathamanga, jekete likuuluka. M'njira ankakonza mawu: za chulu, za njoka, za chitedze chimene chinamuyabwa mwezi wathunthu. Atafika pakona anapeza njinga zili mbwee, anthu akukankhana. Panali ambulera yaikulu, mabokosi awiri osungira madzi oundana, sikelo yatsopano. Miyala yake inayi inalipo, itapakidwa laimu. Pamwala umodzi panakhala mayi akupereka chenji mosayang'ana n'komwe.

"Amake Hélio!"

"Eee, a ku Texas! Imani pamzere, bambo, anthuwa anayamba kufika."

Anadikira. Inde, anadikira, pakona pake pomwe, mpaka wogula womaliza atapita. Armanda anapukuta manja, n'kumufotokozera modekha. Mmene baraka inkanyamuka, iye anali atakhala kale pamwalapo ndi beseni la mandasi. Wa senya atabwerera kuchokera kokagwira machesi kuja, anamupeza, n'kumulipiritsa, ndipo sanaphonyepo m'mawa ndi umodzi womwe. Mandasi anabala bokosi, bokosi linabala linzake. Madzi oundana ankagula kwa João Baptista, amene anaona kuti bola kupezako kenakake kusiyana n'kungoyang'ana.

"Ndiye malo ndi athu!" anafuula Januário, misozi ili m'maso. "Ndinanena ine kuti miyala yanga isunga malo!"

"Miyala inathandiza, ndinkakhalapo. Koma ku munisipiyo anafunsa dzina la amene akulipira, ndiye ndinawapatsa."

"Dzina la ndani?"

"La amene akulipira."

Januário anayang'ana miyala ija, koma miyalayo sinamuthandize.

"Baraka ibwere," anatero Armanda. "Jeleira muitsuke ndi mandimu mpaka isiye kununkha. Malo ogulitsira ndikupatsani, ndinu bambo a ana anga. Koma wa senya akabwera, wopereka ndalama ndinu, ndi dzanja lanu, mukumwetulira."

Onyamula katundu a pamalire anakana kuinyamulanso barakayo, anati chikhristu chili ndi malire. Januário anaiphwasula yekha, kugula misomali yatsopano, kulipira galimoto. Mawu aja a TEXAS sanafufutike, utoto unali wabwino, ndiye mpaka lero anthu amati, "Tikumane pa Texas." Wa senya amafika m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti kunja kwa dziko kuja kukuzizira bwanji, Januário n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene akuzulidwa dzino.

Tsiku loyamba atatseka, Armanda anagawa ndalama za tsikulo, n'kukankhira gawo la mwamuna wake kutsogolo kwake. Januário asanatambasule dzanja, Armanda anabwezanso zala n'kutapapo pang'ono, n'kumanga pachitenje.

"Imeneyonso ndi ya chiyani? Senya ndalipira m'mawa, finansa ndalemba kale!"

"Ya boma lalikulu."

"Boma lalikulu liti?"

Armanda anamanga mfundo yachiwiri pachitenje, n'kudzigogoda pachifuwa ndi chala.

Januário anayang'ana kumsewu wa ku Majaua nthawi yaitali. Koma chikwangwani chonena kuti boma limeneli lathera pano, inu, palibe amene anachionapo.